Tili ku Joni, kodi tingasankhe nawo atsogoleri a FAM?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina wa ku Turffontein, ndipo ikukhudza FAM, bungwe loyendetsa mpira ku Malawi. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Zikomo akulu. Ndatha zaka 9 kuno ku Joni ndipo ndine msungichuma wa timu yathu ya sosholo yomwe imasewera Lamulungu lililonse. Pagulu lathu la WhatsApp pabuka mkangano. Mnzathu wina akuti ali ndi m'bale wake kumudzi amene akufuna kudzapikisana nawo pa mpando wina mu komiti yaikulu ya FAM chisankho chikubwerachi. Akupempha kuti aliyense asonkhe R200 ya kampeni, ndipo timu iwonjezere kuchokera m'thumba lake, kuti munthuyo akadzapambana azidzatikumbukira ife akunja. Ena akuti tisonkhe, ena akuti kumeneko n'kuba. Enanso akuti tilembe kalata yopempha kuti ife a kunja tizivota nawo. Ndalama za timu zili m'manja mwanga ndipo sindikufuna kudana ndi anthu. Kodi atsogoleri a FAM amasankhidwa bwanji? Ife tili ndi voti? Nanga mtsogoleri wabwino tingamudziwe bwanji?"

Achimwene, choyamba mtima ukhale m'malo. Simunalakwitse kalikonse, ndipo mwachita zanzeru kufunsa ndalama zikadali m'thumba, chifukwa madzi akatayika saoleka. Mkangano wa pagulupo usakuopseninso. Anthu amene akukangana za FAM atatopa ndi ntchito ya sabata yonse, wina atachezera pageti usiku, wina ataima tsiku lonse m'shopu ku Fordsburg, ndi anthu amene mpira wakwawo uli m'magazi. Ine ndakhala m'makomiti a mpira zaka zoposa 20, poyamba kumudzi monga mlembi m'ligi ina yaing'ono, kenako kuno komwe ndimathandiza matimu a sosholo kulemba malamulo awo ndi kuchititsa zisankho. Funso lanuli ndalimva kambirimbiri.

Ndiyambe ndi yankho lomwe silikoma m'khutu. Inu mulibe voti, inenso ndilibe. Ndipo chifukwa chake si choti tili kunja. Sapota wa Maule wa ku Ndirande amene sanajombepo pa Kamuzu Stadium kuyambira ali mwana alibenso voti. Wa Manoma chimodzimodzi. Ngakhale kaputeni wa Flames savota chifukwa chongokhala kaputeni. Chisankho cha FAM sichili ngati cha phungu kapena cha mtsogoleri wa dziko, chomwe amayendetsa a MEC ndipo aliyense wofika zaka 18 amalembetsa. FAM, yomwe inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Chiwembe ku Limbe, ndi bungwe la mabungwe. Mamembala ake si ine ndi inu, koma mabungwe oyendetsa mbali zosiyanasiyana za mpira, omwe pakamwa timangoti ma affiliate. Iwowa amatumiza nthumwi ku msonkhano waukulu, ndipo nthumwizo n'zimene zimavota mwachinsinsi posankha mtsogoleri, achiwiri ake ndi mamembala a komiti yaikulu, zaka zinayi zilizonse.

Pa chisankho cha pa 16 Disembala 2023 ku Mzuzu mavoti onse analipo 36. Bungwe la Sulom, lomwe limayendetsa ligi yaikulu, linali ndi 8. Mabungwe atatu a m'zigawo, la kummwera, la pakati ndi la kumpoto, lililonse linali ndi 6. Otsalawo anali mabungwe asanu a mavoti awiriawiri: la mpira wa amayi, la achinyamata, la aphunzitsi a mpira, la oyimbira, ndi la mpira wa pamchenga. Malamulo amatha kusinthidwa pa misonkhano ya chaka ndi chaka, mabungwe ena n'kuwonjezeredwa, choncho chisankho china chikamayandikira muzifunsa malamulo omwe akugwira ntchito panthawiyo. Koma chithunzi chake n'chimenecho: dziko la anthu oposa 20 miliyoni, mpando wa mpira n'kumagamulidwa ndi anthu okwana m'basi imodzi.

Tawerengerani nane. Pa manambala a 2023 aja, opikisana akakhala awiri, wopeza mavoti 19 wapambana. Zigawo zitatu zija zikagwirizana zili ndi 18 kale, zangotsala ndi voti imodzi. Koma Sulom itagwirizana ndi mabungwe asanu onse aang'ono, imafikanso pa 18 pomwepo. Ndiye chifukwa chake munthu wodziwa zisankho za mpira sataya nthawi yambiri kukopa masapota pa Facebook. Amakhala ali pamsewu, lero ku Mzuzu, mawa ku Lilongwe, kukumana ndi makomiti a m'zigawo, chifukwa akudziwa kuti nkhuni zake zili kumeneko.

Pali chinthu china chimene ndimafuna anyamata a pagulu lanu achione bwino. Mu Disembala 2019 a Walter Nyamilandu anapambana a James Mwenda ndi mavoti 23 kwa 13. Patapita zaka zinayi, a Nyamilandu omwewo, atakhala pampando kuyambira 2004, anagonja kwa a Fleetwood Haiya ndi mavoti 23 kwa 13. Nambala zomwezo, koma zitatembenuka. Chinasintha n'chiyani? Ambiri amangoti anthu anatopa, ndipo n'zoona kuti mawu ofuna kusintha anali atakula. Koma kutopa kwa masapota sikulowa m'bokosi. Pakati pa zisankho ziwirizi, mabungwe aja anali atachita zisankho zawozawo. A Haiya eni ake, omwe kale anali mkulu woyendetsa Nyasa Big Bullets, anayamba apambana kaye utsogoleri wa Sulom kumayambiriro kwa 2023, asanayang'ane mpando wa ku Chiwembe. Chisankho cha FAM chimaphikidwa m'zisankho zing'onozing'ono zimene manyuzipepala amazilemba pakona, za m'zigawo, za oyimbira, za aphunzitsi. Tsiku la msonkhano waukulu ndi longopakula. Ngati mukufuna kudziwa amene adzatsogolere mpira wathu zaka zinayi za a Haiya zikamatha mu 2027, muzitchera khutu ku zisankho za ma affiliate, osati ku zithunzi za kampeni.

Kutchuka nakonso sikuvota. Ku Ivory Coast kulibe mwana amene sadziwa dzina la Didier Drogba, koma mu Epulo 2022 atapikisana pa utsogoleri wa bungwe la mpira wakwawo anatulukira m'ndime yoyamba, ali wachitatu, ndipo mpando anatenga a Idriss Diallo. Anthu m'misewu ankamufuna, ovota anali ndi maganizo ena. Samuel Eto'o ku Cameroon anapambana mu Disembala 2021 ndi mavoti 43 kwa 31, koma anayenera kuyenda chigawo ndi chigawo ngati wina aliyense. Pafupi nafe ku Zambia, Kalusha Bwalya, yemwe anali mtsogoleri pomwe Chipolopolo inatenga chikho cha Africa mu 2012, anagonja kwa a Andrew Kamanga mu 2016. Zigoli zimene munthu anamwetsa ali mnyamata zimamutsegulira khomo kuti amveke, koma nthumwi ikalowa m'kachipinda kovotera imaganiza za ligi yake, za ndalama za bungwe lake, nthawi zinanso za m'thumba mwake.

Mwina mufunsa kuti bwanji boma silingolowererapo n'kulamula kuti anthu onse azivota. Apa ndi pamene pali msampha waukulu. Malamulo a FIFA amafuna kuti bungwe la mpira la dziko lililonse lizidziyendetsa lokha, popanda boma kapena wina wakunja kuliuza zochita. Anzathu a ku Zimbabwe amene timakhala nawo m'mafulati ndi m'mayadi kuno angakuuzeni ululu wake. Bungwe la boma loona zamasewero litaimitsa komiti ya ZIFA, bungwe la mpira la dziko lawo, kumapeto kwa 2021, FIFA inaimitsa dziko lonse mu Febuluwale 2022, pamodzi ndi Kenya yomwe nduna yake inachita zofanana. Mayiko awiriwa sanasewere nawo mipikisano yodzigulira malo ku AFCON, chikho cha Africa, ya 2023. Kenya inabwezeretsedwa mu Novembala 2022, Zimbabwe mu Julayi 2023, koma pansi pa komiti yongogwirizira yoikidwa ndi FIFA, ndipo mtsogoleri wosankhidwa anadzamupeza mu Januwale 2025, a Nqobile Magwizi. Amene anavutika kwambiri si akuluakulu omwe ankakanganawo, koma anyamata ndi atsikana amene zaka zawo zabwino zosewera zinapita ali pakhomo. Choncho munthu akamakuuzani kuti nduna ingochotsa komiti ya FAM, muzimukumbutsa kuti walira mvula walira matope.

Ine maganizo anga sindibisa: anthu 36 ndi ochepa kwambiri. Ovota akachepa, wofuna mpando amatha kuwadziwa onse mayina, kwawo ndi mavuto awo, ndipo amene ali kale pampando amakhala ndi mwayi chifukwa ndiye amagawa maulendo akunja, maalawansi ndi mipando ya m'makomiti ang'onoang'ono. Ndikanakonda matimu eni ake, makamaka a m'maligi a m'zigawo omwe amavutika ndi thiransipoti sabata iliyonse, komanso osewera, akanakhala ndi mawu achindunji. Koma tisanamizanenso kuti kuchulukitsa ovota kokha n'kuchiza nthenda. Taonani kuno komwe tili. SAFA, yoyendetsa mpira wa dziko lino, yomwe maofesi ake ali ku Nasrec pafupi ndi FNB Stadium, ili ndi zigawo 52 ndipo ovota ake amaposa 200. Komabe a Danny Jordaan, omwe analowa mu 2013, anapambananso mu Juni 2022 ndi mavoti 186, mayi Ria Ledwaba n'kupeza 27 ndipo a Solly Mohlabeng 8, pomwe pa mawailesi masapota ambiri ankalira kuti akufuna nkhope yatsopano. Ovota akhale 36 kapena 200, chofunika n'chakuti nthumwi ikabwerera kwawo izikafotokoza kwa amene anaituma chifukwa chomwe inavotera mmene inavotera.

Za kalata yopempha kuti akunja tizivota, lembani ngati mtima ukufuna, palibe choipa. Koma dziwani kuti malamulo a FAM amasinthidwa ndi msonkhano waukulu wokha, ndiye kuti nthumwi zomwe zija ziyenera kuvomera kugawana mphamvu zawo. Komanso dongosolo la mpira padziko lonse limati timu imakhala pansi pa bungwe la dziko lomwe ikusewereramo. Timu yanu ya ku Turffontein ikalembetsa mwalamulo, idzalembetsa ku bungwe la mpira la m'dera lanu, lomwe kuno amati LFA, pansi pa SAFA Johannesburg. Mawu ake adzamveka ku Nasrec, osati ku Chiwembe.

Tsopano tibwere pa R200 ija, chifukwa ndi imene ikukusowetsani tulo. Malangizo anga ndi akuti ndalama za timu zisatuluke ngakhale senti imodzi. Anthu anasonkha ndalamazo kuti mulipire bwalo, refa, madzi, jezi, ndi kuthandiza mnzanu akathyoka mwendo. Sanasonkhe kuti zikagwire ntchito ya kampeni ya munthu amene ambiri sanamuonepo. Tsiku lomwe wina adzavulale n'kupezeka kuti m'thumba mulibe kanthu, sadzafunsa mnzanu wobweretsa nkhaniyo. Adzafunsa inu. Munthu payekha akafuna kutumiza ndalama yake ya m'thumba pa Mukuru, ndi ufulu wake, koma nayenso ndingamupemphe ayambe wafunsa mafunso angapo.

Funso loyamba: munthuyo akufuna mpando uti, ndipo ndi affiliate iti yamulonjeza kumutchula dzina? Pa chisankho cha FAM munthu sangodzuka n'kukalembetsa yekha. Dzina lake liyenera kuperekedwa ndi mabungwe omwe ndi mamembala, kenako komiti yoyendetsa chisankho imaunika ngati akukwaniritsa zofunika, kuphatikizapo mbiri yake. Ngati m'bale wa mnzanuyo sanakhalepo mu komiti ya timu, ya mpira m'boma lakwawo kapena ya chigawo, ndiye kuti ulendo wake sunayambe n'komwe. Kukhala kunja kapena kuthandizidwa ndi akunja sikuletsa munthu kuyesa. Mu 2015 a Willy Yabwanya Phiri, omwe ankakhala ku Canada, anafika mpaka pa tsiku lovota, ngakhale sanapambane. Koma iwo anali ndi dzina lodziwika m'nkhani za mpira ndipo zolinga zawo ankazinena poyera.

Funso lachiwiri ndi lowawa: ndalamazo zikagwira ntchito yanji? Kampeni ya anthu ovota ochepa chonchi sifuna misonkhano ya m'mabwalo kapena nsalu zogawa. Imafuna mafuta a galimoto, malo ogona, ndi kusindikiza manifesito. Ndalama zikamafunika zochuluka kuposa pamenepo, nthawi zambiri zimakhala zikupita mu envulopu. Malamulo a FIFA okhudza khalidwe amaletsa kupereka kapena kulandira chiphuphu ndi mphatso zofuna kukhotetsa chiganizo cha munthu, ndipo wopezeka wolakwa amaletsedwa kuchita nawo za mpira, ena moyo wawo wonse. Simungafune kuti dzina la timu yanu lidzapezeke pa mndandanda wa amene anatumiza ndalama zoterozo.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga, kuligi yaing'ono ija komwe ndinali mlembi. Usiku woti mawa ndi chisankho, munthu wina wofuna upampando anayendera matimu onse. Timu iliyonse anaisiyira mipira iwiri yatsopano, ndipo nthumwi iliyonse anaipatsa kenakake koti ndi ka thiransipoti. Panthawiyo matimu ambiri ankasewera ndi mpira umodzi wosokasoka, ndiye mungamvetse mmene anthu anasangalalira. Anapambana mosavuta. Chaka chitatha, mphoto za ligi sizinaperekedwe, oyimbira anali asanalipidwe miyezi itatu, ndipo titafunsa za ndalama zolembetsera matimu anatiyankha mosapsatira kuti ankabweza zimene anawononga pa kampeni. M'chipinda monse munangoti zii. Palibe amene akanatha kukweza mawu, chifukwa aliyense anali atadya nawo. Matimu anayi anasiya ligi chaka chimenecho, ndipo anyamata ena aluso amene ndinkawadziwa sanabwererenso pabwalo. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa ndinaona envulopu zikuyenda ndipo sindinayankhule nthawi yake. Wogula mpando amabwera kudzakolola, ndipo lonjezo loti azidzakumbukira akunja ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga mtsogoleri wabwino timudziwa bwanji? Ambirife timayeza ndi Flames basi: ikapambana mtsogoleri ndi wabwino, ikagonja achoke. Muyeso umenewo ndi waufupi. Tengani zaka 19 za a Nyamilandu. Flames inali itapita ku AFCON kamodzi kokha, mu 1984. M'nthawi yawo inapitako kawiri: mu 2010 ku Angola, pomwe anyamata a Kinnah Phiri anathira Algeria zigoli 3 kwa 0, ndi mu Januwale 2022 ku Cameroon, pomwe tinafika koyamba mu ndime ya matimu 16 ndipo Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco chigoli cha patali chija, ngakhale tinagonja 2 kwa 1. Mu Okutobala 2023 ma Scorchers, timu yathu ya dziko ya amayi, anatenga chikho cha COSAFA, cha mayiko a kummwera kwa Africa, konkuno ku Gauteng atagonjetsa Zambia 2 kwa 1. Mu 2018 a Nyamilandu anapambana a Jordaan ndi mavoti 35 kwa 18 n'kulowa mu khonsolo ya FIFA, chinthu chimene Mmalawi anali asanachitepo. Zonsezi ndi zoona ndipo munthu wachilungamo sangazikane. Komabe nthumwi zinaona kuti nthawi yakwana. Ine ndimakhulupirira kuti mpando uyenera kukhala ndi malire, kaya munthuyo wachita bwino chotani. FIFA yomwe inaika malire a matemu atatu a zaka zinayi mu 2016, itapsa ndi nkhani za katangale za 2015. Ku CAF, bungwe la mpira la Africa yonse, a Issa Hayatou anakhala zaka 29 mpaka anagonja kwa a Ahmad Ahmad mu 2017 ndi mavoti 34 kwa 20. Munthu akakhalitsa, anthu omuzungulira amasiya kumuuza zoona, ndipo achinyamata odziwa ntchito amatopa kudikira n'kupita kwina.

Muyeso wanga woyamba ndi ndalama. Pansi pa ndondomeko ya FIFA yotchedwa Forward, m'zaka za 2023 mpaka 2026 bungwe lililonse mwa mamembala 211 limatha kulandira mpaka madola 8 miliyoni a ku America: 5 miliyoni yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, 3 miliyoni ya zitukuko monga mabwalo ndi malo ophunzitsira. Kuwonjezera apo pali ndalama za CAF, za makampani othandiza zikho, za pageti ndi za boma zodzera ku Malawi National Council of Sports. Wofuna mpando afunsidwe ngati adzasindikize poyera lipoti la owerengera ndalama chaka chilichonse, kuti mtolankhani kapena sapota aliyense aliwerenge. Afunsidwenso komwe anatsogolerapo kale, ndipo mufufuze ngati kumeneko anasiya mabuku oyera. Munthu amene analephera kufotokoza za K500,000 ya timu ya m'boma sadzasintha chifukwa chopatsidwa madola.

Muyeso wachiwiri ndi zimene sizioneka pa TV. Kodi akunena chiyani za maligi a ana a zaka 14 ndi 16 m'maboma monga Chitipa, Ntchisi ndi Nsanje? Za maphunziro a aphunzitsi a mpira ndi malipiro a oyimbira? Refa wanjala ndi khomo lolowera zachinyengo. Za atsikana akunena chiyani, poti Tabitha ndi Temwa Chawinga atisonyeza kuti luso lilipo la dziko lonse lapansi? Za makontirakiti a osewera, kuti mnyamata akavulala asangotayidwa? Ife a kuno nkhaniyi timaidziwa bwino. Ernest Mtawali, John Maduka, Patrick Mabedi amene anavala lamba wa ukaputeni ku Kaizer Chiefs, Esau Kanyenda ku Jomo Cosmos, ndi Gabadinho amene anamwetsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu 2019/20, onsewa anakulira pa mabwalo afumbi kwathu. Mtsogoleri wabwino ndi amene angafotokoze, ndi manambala, mmene adzachulukitsire ana otere popanda kudalira mwayi.

Muzisamalanso ndi malonjezo a zinthu zomwe sizili m'manja mwa FAM. Mukukumbukira 2021, pomwe Flames inkasewera masewero ake apakhomo odzigulira malo ku World Cup pa Orlando Stadium ku Soweto, chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe ndi CAF? Tinapambana Mozambique 1 kwa 0 pamenepo, kenako Ivory Coast ndi Cameroon anatichita zoipa. Anthu ambiri anakwiyira FAM, koma Bingu National Stadium ndi Kamuzu Stadium ndi mabwalo a boma. Mtsogoleri wa FAM ntchito yake ndi kuchenjeza boma nthawi ikadalipo, kukakamira, ndi kusamala mabwalo a bungwe lake monga la ku Chiwembe. Wina akalonjeza kuti adzamanga sitediyamu m'chigawo chilichonse pa zaka zinayi, mufunseni kuti ndalama zake zichokera kuti ndipo malowo ndi a yani.

Musaganize kuti poti tilibe voti ndiye kuti manja athu ndi omangika. Nthumwi zija ndi anthu, zimamvera wailesi, zimawerenga zolembedwa pa Facebook, ndipo zimachita manyazi zikafunsidwa mafunso olongosoka pagulu. Funso lolembedwa mwaulemu, lokhala ndi tsiku ndi nambala, limaluma kuposa chipongwe. Koma njira yeniyeni ndi yotalikirapo. Pafupifupi aliyense pagulu lanu ali ndi timu ya kumudzi kwawo, kaya ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. R200 ya anthu 30 ndi R6,000. Ndalama imeneyo ingagule jezi ndi mipira, kutumiza pa basi, n'kulipirira timu imodzi kuti ilembetse mu ligi ya boma lake. Timu yolembetsa imakhala ndi mawu posankha komiti ya boma, ndipo kuchokera m'maboma ndi mmene mawu amakwerera ku chigawo, komwe kuli mavoti aja. Ndi pang'onopang'ono, inde, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo ngakhale mawuwo atapanda kufika ku Chiwembe, ana 25 adzakhala atasewera mpira chaka chonse atavala bwino.

Pomaliza pa mafunso anu, ndinene za nthawi yofuna thandizo loposa langa. Ngati ena atumiza kale ndalama ndipo zaoneka kuti munthu wa kampeniyo kulibe kapena sakupikisana n'komwe, umenewo ndi mlandu wakuba mwachinyengo. Sungani mauthenga onse ndi malisiti, ndipo katsegulitseni mlandu kupolisi kuno. Ngati ena akuopa chifukwa cha mapepala, apite amene mapepala ake ali bwino. Ngati muli ndi umboni weniweni woti nthumwi zikugulidwa, osati mphekesera za pagulu, upititseni ku komiti yoyendetsa chisankho ya FAM, ku Anti-Corruption Bureau kumudzi, kapena ku FIFA yomwe ili ndi njira yolandirira madandaulo mwachinsinsi pa intaneti. Musalembe dzina la munthu pa Facebook kuti ndi wakuba musanakhale ndi umboni, chifukwa mlandu woipitsa mbiri ungagwere inu. Ndipo ngati m'bale wa mnzanuyo alidi wopikisana ndipo akuona kuti waponderezedwa, apeze loya wodziwa malamulo a zamasewero msanga. Nkhani zotere zimayamba ku komiti ya apilo ya bungwe lomwelo, kenako ku khoti la zamasewero la CAS ku Lausanne, komwe kawirikawiri munthu amapatsidwa masiku 21 okha. Kuthamangira ku makhoti wamba kumaika dziko pa chiopsezo cha chilango cha FIFA. Ku Zambia milandu ya kukhoti inachedwetsa nawo chisankho cha 2020 mpaka chinachitika mu Febuluwale 2021.

Inuyo achimwene, Lamulungu likubwerali mpira ukatha, anthu asanabalalike kukakwera mataxi, pemphani wapampando aitanitse kamsonkhano ka mphindi 15. Nkhani ya ndalama musaikambe pa WhatsApp, pamenepo mawu amapsa msanga. Bwerani ndi buku lanu, muwerenge ndalama zomwe zilipo ndi ntchito yomwe anthu anasonkhera. Mnzanu uja musamuchititse manyazi, mwina nayenso anangouzidwa ndipo akukhulupirira ndi mtima wonse. Mupempheni mwaulemu abweretse dzina la mpando, dzina la affiliate yomwe ikumuthandiza m'bale wakeyo, ndi manifesito yolembedwa. Kenako muvote pokweza manja kuti thumba la timu lisakhudzidwe, ndipo mlembi alembe chiganizocho ndi tsiku lake. Ngati timu yanu ilibe malamulo olembedwa onena za amene amasayinira ndalama ndi nthawi yomwe komiti imakhala pampando, ndilembereninso, ndidzabwera ndi chitsanzo cha masamba awiri chomwe matimu ena a kuno akugwiritsa ntchito, tidzakhale pansi limodzi.